Uinjiniya ndi maphunziro a za mlengalenga: kuyerekeza njira zopezera thandizo kwa wophunzira wa ku Salima ndi ku Nkhotakota

Zotsatira za mayeso a MSCE zikangotuluka, m'magulu a WhatsApp a makolo ndi aphunzitsi mumayamba kuyenda mauthenga onena za thandizo la maphunziro lochokera ku mabungwe oona za mlengalenga, ndipo dzina lomwe limatchulidwa kwambiri ndi la NASA. Mwana amene wakhoza bwino masamu ndi fizikisi akawerenga uthenga wotere amayamba kukhulupirira kuti pali bungwe lomwe lingamutenge kuchokera mu Fomu 4 n'kukamuphunzitsa kupanga masetilaiti. Mabungwe amenewa amayendera ndalama za misonkho ya mayiko awo, choncho thandizo lawo lambiri amalisungira nzika zawo: la NASA ndi la nzika za ku America, ndipo la ESA ya ku Ulaya ndi la nzika za mayiko omwe ali mamembala ake. Thandizo lomwe Mmalawi angalifikire lilipo ndithu, koma lambiri limayambira pa digiri yachiwiri, ndipo limadzera m'maboma, m'mayunivesite ndi mu ofesi ya United Nations yoona za mlengalenga, osati m'thumba la bungwe loulutsa masetilaitilo. Pachifukwa ichi funso loyamba si lakuti ndi bungwe liti lomwe limapereka zambiri, koma lakuti wophunzirayo wafika pati pa maphunziro ake.

Zoyezera zinayi

Njira iliyonse taiyeza pa zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo, kutanthauza ndalama zomwe banja litulutse ngakhale thandizo litalengezedwa kuti ndi lathunthu, monga za pasipoti, za mayeso a Chingerezi, zopimitsa kuchipatala ndi zoyendera kupita ku Lilongwe. Chachiwiri ndi kupezeka kwake: malo alipo angati, akufuna munthu wa maphunziro otani, ndipo Mmalawi akuloledwa kapena ayi. Chachitatu ndi zofunika kuti thandizo lipitirire, chifukwa kulandira kalata ndi china, kukhalabe pa mndandanda mpaka kumaliza ndi chinanso. Chachinayi ndi chiopsezo, makamaka funso lakuti munthu akamaliza adzagwira ntchito yanji ndipo kuti.

Njira yoyamba: digiri ya uinjiniya konkuno, pa ngongole ya boma

Ambiri saiwerengera njirayi akamva za mlengalenga, komatu ndiyo khomo la njira zinazo pafupifupi zonse. MUBAS ku Blantyre, yomwe inali The Polytechnic mpaka 2021, imaphunzitsa uinjiniya wa zamagetsi, wa zipangizo zamagetsi ndi mauthenga, wa makina ndi wa zomangamanga. MUST, yomwe idatsegulidwa mu 2014 ku Ndata m'boma la Thyolo, ili ndi uinjiniya wa mitundu ingapo komanso sukulu ya zanyengo ndi nthaka, komwe amaphunzitsa kagwiritsidwe ntchito ka zithunzi zojambulidwa ndi masetilaiti. Mzuzu University ili ndi maphunziro a kuyeza malo ndi a mphamvu zongowonjezereka, pomwe LUANAR ku Bunda ili ndi uinjiniya wa zaulimi ndi wa ulimi wamthirira. Setilaiti ndi chipangizo chokhala ndi batire, mapanelo a sola, wailesi, kompyuta ndi kamera, ndipo aliyense woiphunzira amayambira pa maphunziro omwewa.

Mtengo. Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, limabwereketsa ndalama za fizi, za mabuku ndi zodyera kwa ophunzira osowa. Ndalamazi sizikwanira zonse. Banja liyenera kukonzekera thiransipoti, yomwe kwa mwana wa ku Dwangwa wopita ku Thyolo ndi ulendo wa tsiku lathunthu, lendi ngati sadapeze malo mu hositelo, ndi laputopu, yomwe wophunzira uinjiniya sangaizembe akafika chaka chachiwiri.

Kupezeka kwake. Kusankha ophunzira kumayendetsedwa ndi National Council for Higher Education, ndipo maphunziro a uinjiniya amafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, masamu ndi fizikisi. Apa ndi pomwe mwana wa ku sekondale yoyendera ya m'mudzi amavutikira, pakuti sukulu zambiri zotere zilibe labotale yokwanira, ndipo amapikisana ndi anzake omwe adagwirapo zipangizo ndi manja. Ngakhale zili choncho, malo a m'njirayi ndi ochuluka kutalitali kuposa a njira zinazo. Kusankhidwa ku yunivesite ndi kupatsidwa ngongole ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi fomu yake ndi tsiku lake lotsekera.

Zofunika kuti lipitirire. Wophunzira ayenera kukhoza chaka ndi chaka, ndipo madigiri ambiri a uinjiniya amatenga zaka 5, osati 4. Amene akuganiza zodzapitiriza kunja adziwe kuyambira chaka choyamba kuti kungokhoza sikokwanira, chifukwa osankha akunja amayang'ana magiredi a maphunziro onse ndi ntchito ya kafukufuku ya chaka chomaliza. Mphunzitsi amene adzalembe kalata yomuchitira umboni ayenera kukhala womudziwa ntchito yake, osati wongomuona m'kalasi.

Chiopsezo. Ngongole ndi ngongole, imabwezedwa munthu akayamba ntchito, ndipo olemba ntchito amadula ku malipiro. Ndalama zodyera zikachedwa kutuluka, wophunzira wopanda m'bale mutauni ndiye amayamba kugona ndi njala, ndipo magiredi amatsika pa nthawi yomweyo. Ubwino wake ndi wakuti digiriyi ili ndi ntchito kwathu konkuno ngakhale za mlengalenga zitalephereka: malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Salima, fakitale ya shuga ku Dwangwa, masikimu a mpunga a Lifuwu ndi Bua, ESCOM ndi EGENCO, onsewa amafuna mainjiniya ndi amisiri.

Njira yachiwiri: maphunziro opanga masetilaiti ang'onoang'ono ku Japan

Mwa njira zonse zomwe Mmalawi angalembere, iyi ndiyo imafika pafupi kwambiri ndi zomwe achinyamata amalakalaka. Ofesi ya United Nations yoona za mlengalenga, UNOOSA, pamodzi ndi boma la Japan, idayamba mu 2013 pulogalamu yotchedwa PNST pa Kyushu Institute of Technology mumzinda wa Kitakyushu. Ophunzira amagwira ntchito pa masetilaiti otchedwa CubeSat, omwe kamodzi kamakhala kabokosi ka masentimita 10 mbali zonse, kolemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono. Kabokosika amakaika pa makina ogwedeza kuti aone ngati kangapirire kunjenjemera kwa roketi, kenako amakalowetsa mu thanki yopanda mpweya momwe amakatenthetsa ndi kukaziziritsa mosinthanasinthana, ndipo waya mmodzi akamasuka gulu lonse limabwerera pa tebulo kukayambiranso. Pa yunivesite yomweyi ndi pomwe padapangidwira GhanaSat-1 ya dziko la Ghana mu 2017, komanso ZimSat-1 ya Zimbabwe ndi PearlAfricaSat-1 ya Uganda zomwe zidapita m'mlengalenga mu 2022. Masetilaiti otere amatulutsidwa kudzera m'chipinda cha Kibo cha JAXA, bungwe la za mlengalenga la Japan, pa siteshoni ya m'mlengalenga yotchedwa International Space Station, koma ndalama za wophunzira zimachokera ku unduna wa zamaphunziro wa Japan.

Mtengo. Fizi salipira, tikiti ya ndege imaperekedwa, ndipo pamwezi wophunzira amalandira ndalama za ku Japan pafupifupi mayeni 144,000, zomwe munthu mmodzi wosamala amakhala nazo bwinobwino koma sizokwanira kusamalira banja la kumudzi. Ndalama zomwe banja litulutse ndi za poyambira: pasipoti, mapepala a ku yunivesite osindikizidwa, ndi mayeso a Chingerezi ngati awafuna. Mayeso a Chingerezi a IELTS mtengo wake umatsatira ndalama zakunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama imeneyi si yoti munthu angoipeza m'sabata yolembera.

Kupezeka kwake. Malo ndi ochepa kwambiri: atatu a digiri yachiwiri ya zaka 2 ndi atatu a digiri yachitatu ya udokotala (PhD) ya zaka 3 pachaka, ndipo amalimbirana anthu a m'mayiko onse omwe akungotukuka kumene. Wolembera ayenera kukhala ndi digiri yoyamba ya uinjiniya kapena sayansi yoyandikana nayo, ndipo thandizo la boma la Japan la mtunduwu limafuna munthu wosafika zaka 35. Maphunziro amayamba mu October ndipo amaphunzitsidwa m'Chingerezi. Osankha amafuna kuona chomwe munthu wapangapo, choncho amene adamangapo siteshoni yaing'ono yolandirira mauthenga a wailesi kapena chipangizo choyezera madzi amakhala patsogolo pa amene ali ndi magiredi okha.

Zofunika kuti lipitirire. Ntchito ya mu labotale ndi ya gulu ndipo imatsatira tsiku loperekera setilaiti, kotero maola amakhala ataliatali. Kukhoza mosakhutiritsa kapena kuchedwa kumaliza kungathe kuimitsa thandizo. Chijapani sichifunika m'kalasi, koma chimafunika kumsika, kuchipatala ndi kwa mwini nyumba.

Chiopsezo. Chachikulu ndi kubwerera kumudzi ndi luso lopanda pogwirira. Amene amapindula msanga ndi omwe amachoka ali kale ndi malo pa yunivesite kapena mu dipatimenti ya boma, chifukwa amabwerera ku ofesi yomwe ingagwiritse ntchito zomwe aphunzira. Chiopsezo china ndi kuimika moyo kudikira malo asanu ndi limodzi a dziko lonse lapansi. Lemberani, koma muli pa ntchito ina.

Njira yachitatu: maphunziro afupiafupi ogwiritsa ntchito zithunzi za masetilaiti

Maganizo anga ndi akuti njira iyi ndiyo ili ndi phindu lofulumira kwa maboma a m'mbali mwa nyanja, ngakhale ilibe ulemerero wa kupanga setilaiti. Madzi a Nyanja ya Malawi atakwera mu 2024 n'kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za m'mphepete, komanso madzi osefukira atasamutsa anthu m'dera la Dwangwa chaka chomwecho, funso la akuluakulu a khonsolo linali lakuti madzi afika pati ndipo minda yomizidwa ndi yochuluka bwanji. Masetilaiti a Sentinel-2 a ku Ulaya amajambula malo amodzi pafupifupi masiku 5 aliwonse, kadontho kalikonse pa chithunzi kakuimira mamita 10, ndipo zithunzizo ndi zaulere, monganso pulogalamu ya QGIS yozisanthulira. Munthu wodziwa ntchitoyi akhoza kukhala pa laputopu ku Senga Bay, kuika chithunzi cha chaka chino pamwamba pa cha chaka chatha, n'kuonetsa mzere womwe gombe lasunthira kapena mbali ya dambo la Chia yomwe yakwiririka. Chosowa si setilaiti, koma anthu otha kuwerenga zomwe yajambula.

Mtengo. Pulogalamu ya boma la India yotchedwa ITEC imalipira ndege, fizi, pogona ndi zodyera, ndipo ena mwa maphunziro ake amachitikira pa Indian Institute of Remote Sensing ku Dehradun, sukulu yomwe ili pansi pa ISRO, bungwe la za mlengalenga la dzikolo. Ku Nigeria kuli ARCSSTE-E, sukulu ya sayansi ya mlengalenga, pa Obafemi Awolowo University ku Ile-Ife, yomwe idakhazikitsidwa mu 1998 mogwirizana ndi United Nations ndipo imapereka dipuloma ya miyezi 9 kwa omwe ali kale ndi digiri. Ku Nairobi kuli RCMRD, bungwe la mapu lomwe Malawi ndi membala wake. Kwa awiri omalizawa, musagule tikiti musanalandire kalata yonena momveka chomwe alipire ndi chomwe mulipire nokha.

Kupezeka kwake. ITEC imalunjika kwa anthu omwe ali kale pa ntchito, a zaka zapakati pa 25 ndi 45, ndipo pempho limadutsa kwa olemba ntchito ndi ku ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe. Wogwira ntchito ku ofesi ya zamalo, zankhalango, zausodzi, zamthirira kapena zanyengo ndiye ali ndi mwayi. Kwa wachinyamata amene sanayambe ntchito, African Drone and Data Academy, yomwe UNICEF idatsegula mu 2020 mogwirizana ndi MUST ndi Virginia Tech, idakhazikitsidwa kuti iphunzitse kuulutsa madironi ndi kusanthula zithunzi zake, lomwe ndi luso loyandikana kwambiri ndi ili.

Zofunika kuti lipitirire. Maphunzirowo ndi afupi, choncho vuto limabwera munthu akabwerako. Luso la mapu limazilala msanga ngati ofesi ilibe kompyuta yamphamvu ndi intaneti yokokera zithunzi, zomwe chimodzi chokha chimatha kumaliza bandulo ya sabata.

Chiopsezo. Satifiketi ya masabata angapo si digiri ya uinjiniya, ndipo siingakulembetseni ku Malawi Engineering Institution. Imawonjezera pa zomwe muli nazo kale, siilowa m'malo mwake.

Njira yachinayi: thandizo la maboma ndi mabungwe lomwe silitchula za mlengalenga

Pano pali malo ambiri kuposa mu njira yachiwiri, ndipo wophunzira wochenjera amasankha phunziro lomwe lidzamufikitse komwe akufuna. Boma la China limapereka thandizo la maphunziro m'mayunivesite ake, kuphatikizapo Beihang University ku Beijing yomwe imadziwika pa zandege ndi za mlengalenga. Pan African University ya African Union ili ndi sukulu ya sayansi ndi uinjiniya pa Jomo Kenyatta University of Agriculture and Technology ku Kenya. Mastercard Foundation imalipirira ophunzira pa mayunivesite monga University of Cape Town, University of Pretoria ndi Carnegie Mellon University Africa ku Kigali.

Mtengo. Thandizo lathunthu la China limalipira fizi ndi pogona, ndipo pamwezi limapereka mayuani 2,500 kwa wa digiri yoyamba, 3,000 kwa wa digiri yachiwiri ndi 3,500 kwa wa udokotala, koma tikiti ya ndege siikhalamo nthawi zonse. La Mastercard Foundation ndilo limaphimba zambiri, kuyambira fizi, pogona, mabuku mpaka ulendo.

Kupezeka kwake. Vuto la womaliza Fomu 4 ndi lakuti mayunivesite ambiri akunja amaiona MSCE ngati yofanana ndi O-Level, motero amafuna A-Level, mayeso a gawo lotsatira, kapena umboni wa maphunziro ena owonjezera. A-Level imapezeka pa sukulu zochepa zolipira monga Kamuzu Academy ku Mtunthama, zomwe mabanja ambiri a asodzi ndi alimi a mpunga sangazikwanitse. Pan African University ndi Carnegie Mellon University Africa sizilandira wofuna digiri yoyamba n'komwe.

Zofunika kuti lipitirire. Ku China thandizo limaunikidwa chaka chilichonse, ndipo maphunziro ambiri a digiri yoyamba amaphunzitsidwa m'Chitchaina, kotero wophunzira amayamba ndi chaka cha chiyankhulo. Kuphunzira masamu a uinjiniya m'chiyankhulo chomwe wachidziwa miyezi yowerengeka si ntchito yamasewera, ndipo mwana wa zaka 18 aganizire bwino asanavomere.

Chiopsezo. Njirayi ndiyo yadzaza anthu odzitcha maejenti, omwe amafuna ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti akusungireni malo. Thandizo lenileni limalemberedwa kudzera ku unduna, ku ofesi ya kazembe kapena ku yunivesite yeniyeniyo, ndipo palibe munthu wapakati amene angagulitse malo. Funsaninso ku National Council for Higher Education ngati digiriyo idzavomerezedwe mukabwerera.

Njira yachisanu: South Africa ndi bungwe la SANSA

SANSA, yomwe idakhazikitsidwa mu 2010, ndi bungwe la za mlengalenga la South Africa, lomwe lili pafupi nafe, ndipo imapereka thandizo kwa ophunzira opitirira digiri yoyamba. Dzikolo lili ndi mbiri pa ntchitoyi: Stellenbosch University idapanga SUNSAT yomwe idaulutsidwa mu 1999, ndipo Cape Peninsula University of Technology idapanga ZACube-1 ya mu 2013. Pa mtengo, pangano la SADC la zamaphunziro lomwe lidasainidwa ku Blantyre mu 1997 limati ophunzira a m'chigawochi azilipira fizi ngati eni dziko, koma pamakhalabe ndalama za SAQA, bungwe loyeza mapepala a maphunziro, za viza ndi za inshuwaransi yachipatala. Pa kupezeka, nzika za South Africa ndizo zimayamba kuganiziridwa, choncho Mmalawi amalowa mosavuta kudzera kwa pulofesa amene ali ndi ndalama za kafukufuku kusiyana ndi kudzera ku SANSA mwachindunji. Kuti thandizo lipitirire pamafunika lipoti la kafukufuku ndi viza yomwe sinathe ntchito. Chiopsezo chake ndi thandizo lolipira fizi yokha mumzinda wa lendi yokwera monga Cape Town.

Mwina wina afunsa za African Space Agency, yomwe idatsegulidwa ku Cairo mu April 2025. Bungweli ndi latsopano ndipo ntchito yake yaikulu ndi kugwirizanitsa mayiko, kotero ndi loyenera kulitsatira, osati kuikapo dongosolo la fizi ya chaka chamawa.

Ndani asankhe iti

Womaliza Fomu 4 amene ali ndi makirediti abwino a masamu ndi fizikisi atenge njira yoyamba, asankhe uinjiniya wa zamagetsi, wa mauthenga kapena wa makina ngati mtima uli pa kupanga masetilaiti, kapena maphunziro a mapu ndi zanyengo ngati uli pa kugwiritsa ntchito zithunzi zake, ndipo alembere ngongole nthawi isanathe. Amene mapointi ake sadafike akhoza kubwereza mayeso pa sukulu yokhala ndi labotale, kapena kuyamba maphunziro a ntchito zamanja pa Salima Technical College n'kudzakwera pang'onopang'ono kudzera m'dipuloma. Njira ya China pa digiri yoyamba ndi ya amene ali wokonzeka kutaya chaka pa chiyankhulo ndipo banja lake lingathe kupeza tikiti.

Wophunzira wa chaka chachinayi kapena chachisanu pa MUBAS, MUST kapena Mzuzu University asankhe kafukufuku wopanga chinthu chogwirika, atenge pasipoti asanamalize, kenako alembere ku Japan, ku Kenya ndi ku Kigali m'chaka chimodzi, chifukwa mapepala ofunika ndi ofanana ndipo mtengo wowakonzera ndi umodzi. Mphunzitsi wachinyamata wa pa yunivesite ndiye woyenera kwambiri njira ya ku Japan kapena ya ku South Africa, pakuti ali ndi kobwerera. Wogwira ntchito ku khonsolo ya Salima kapena ya Nkhotakota, ku zausodzi, ku zamthirira kapena ku kampani ya shuga, amene ali ndi ana ndipo sangachoke zaka ziwiri, apemphe kwa abwana ake kalata ya ITEC kapena ya maphunziro a ku Nairobi, ndipo asananyamuke agwirizane ndi ofesi yake za kompyuta ndi intaneti zomwe adzagwiritse ntchito akabwerako.